Timabowo ta pa Chivundikiro

Timabowo tinali khumi ndi tiwiri, ndipo a Mawotchi anatiboola okha ndi singano yowotcha pa kandulo, akazi awo atagwirizira chivundikiro cha botolo patebulo. N'chifukwa chake m'mawa wa tsiku lachitatu, atalowetsa singano yomwe ija m'bowo limodzi n'kuona ikugwedera ngati dzino la mwana, anayang'anitsitsa bowolo, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso. Dzulo lake singanoyo inkalowa mothina.

Dzina la Mawotchi analitengera ku ntchito. Zaka makumi awiri ndi zisanu akutsegula mimba za mawotchi zinawasiyira maso ofooka, khosi lopindika, ndi kunyada kumodzi kokha, koti dzanja lawo silinaphonyepo. Mwana anali naye mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi yemwe pakhomo ankamutchula Pulofesa, chifukwa ankatha kusiya chakudya chikuzizira n'kumalondola mzere wa nyerere mpaka kuseri kwa nyumba. Aphunzitsi ake a sayansi ankaweta akangaude akuluakulu aubweya otchedwa talantula, ndipo anam'patsa kamwana kamodzi kosaposa nyemba. Mtsikanayo anakatcha Kabwana. Sabata yomweyo anagonekedwa m'chipatala ndi kutentha thupi kumene madokotala sankakudziwa mutu wake.

Atatha sabata pabedipo, analembera bambo ake malamulo papepala. Botolo likhale laling'ono, lapulasitiki yoonekera, kuti Kabwana kasamavutike kupeza chakudya. Dothi likhale lonyowa pang'ono, osati matope. Aikemo kakhungwa kobisalapo ndi kachitsekero ka botolo komweramo madzi. Lamulo lomaliza analidula mzere kunsi kawiri, lakuti timabowo ta mpweya tisakule kuposa mutu wa kangaudeyo, chifukwa pamene mutu wadutsa thupi lonse limadutsa.

"Adadi, ndikatuluka ndidzakapeze," anatero.

"Udzakapeza, mwanawe. Ine ndimasunga mawotchi a anthu zaka zitatu eniake ataiwala, ndiye ndilephere kachilombo?"

Analonjeza akuseka, koma lonjezolo linawalemera. Matenda a mwanayo analibe nawo chochita, chifukwa si wotchi yoti aitsegule kumbuyo. Kabotoloko ndiko kanali chinthu chokhacho chimene manja awo akanatha kumuchitira.

Ndiye bowo lija linawasowetsa mtendere. Atanunkhiza chivundikirocho anamva kafungo ka pulasitiki yopsa, n'kudziuza kuti ndi ka tsiku loboola lija. Usiku, magetsi atazimitsidwa, ananong'oneza akazi awo monga ankachitira ndi nkhani iliyonse kuyambira pamene anakwatirana.

"Mayi, mwagona? Bowo limodzi lakula."

"Ndi maso anuwo, bambo. Mwatopa. Gonani, mawa tilawirira kuchipatala."

Nyumba ya wokonza mawotchi sikhala chete. Pabalaza panali mawotchi asanu ndi anayi apakhoma omwe ankawayesa asanawabweze kwa eniake, ndipo mawu a iliyonse ankawadziwa ngakhale mumdima, ina yothamanga, ina yotsimphina, ina yaikulu yoyenda mwaulemu. Usiku umenewo, ali pakati pa tulo ndi maso, anamva mawu achikhumi. Kanali kaphokoso kakang'ono, kakuti tsii, ngati dontho la madzi likagwera pachitsulo chamoto. Kanamveka kamodzi, kenako kanamvekanso patapita nthawi. Anafuna kudzuka koma thupi linakana, ndipo tulo tinawakokera pansi.

Kutacha, mabowo okula anali atatu, ndipo limodzi linkalowa mtengo wa machesi. Kabwana kanali pakhomo pa una wake pansi pa khungwa, miyendo iwiri ili panja, kali phee.

Anasintha chivundikiro, n'kuboola china chatsopano, timabowo khumi ndi tiwiri tokhatokha. Akazi awo anawagwiriziranso, nkhope atayang'ana kumbali chifukwa cha utsi.

Apa n'kuti nkhani itafika kale pamasitepe a nyumba yosanja imene ankakhalamo, pomwe anthu a m'makomo oyandikana ankakumana ndi ndowa ndi matsache. A Mawotchi akamatsika, mawu ankazima ngati wailesi yothera mabatire, koma zina zinkawapezabe m'makutu. Ena ankati munthu wabwinobwino saweta kangaude m'botolo. Ena ankati mwanayo anadwala sabata yomwe chinthucho chinalowa m'nyumba, ndiye wina afunenso umboni wanji? Panali mayi wina wa m'chipinda chapansi amene ankalumbira kuti anakaona usiku kakutsika khoma, kakulowera njira ya kuchipatala, ndipo m'bandakucha kanabwerera mimba ili tantha. Ankati kangaudeyo akamanenepa, mwana akuwonda.

A Mawotchi ankaziseka zimenezi masana. Koma usiku wachisanu kaphokoso kaja katamvekanso, tsii, ndipo wotchi yotsimphina ija itaima yokha popanda chifukwa, anagona chagada maso ali kudenga. Nanga ndani ankakuza mabowo m'nyumba yokhoma, ya anthu awiri? Kachilombo kosaposa nyemba kangasungunule pulasitiki? Anatambasula dzanja mumdima kufuna kugwedeza akazi awo, koma anachita manyazi, bambo wamkulu wandevu zaimvi kuopa kabotolo. Dzanjalo analibweza lisanafike.

M'mawa mwake, atayendetsanso wotchi ija, anasuzumira m'botolo. Akangaude analimo awiri. Wina anali pakhomo pa una, wina chapambali, wotuwa, miyendo yopinda. Anaimba foni kuchipatala n'kufotokoza zimene anaona, ndipo Pulofesa anaseka kaseko kofooka koyamba m'masabata awiri.

"Adadi inunso! Kafundula. Chinacho ndi chikopa chabe. Ndiye kuti kakukula, kakusangalala ndi nyumba imene munakamangira. Koma musakagwire, pano thupi lake ndi lofewa ngati phala. Timabowo tili bwino?"

"Tili bwino," anatero bambowo, maso ali pa bowo lina lomwe linali litakulanso.

Aka kanali koyamba kumunamiza mwana wawo, ndipo zinawawawa tsiku lonse. Madzulo anaboola chivundikiro chachitatu, n'kuuza akazi awo monong'ona kuti usiku umenewo sagona, adikira pakhonde lamkati aone chimene chimabwera.

"Mudzadwala nanunso, bambo," anatero mayiwo. "Imwani kaye tiyi."

Anamwa, n'kukhala pampando mumdima, nsana atatsamira khoma lozizira. Mdima wa m'nyumbamo unali wokhuthala, woti dzanja lako sungalione. Anamva paipi ikudontha kubafa, galimoto ikudutsa kutali, galu wina akuuwa kamodzi n'kuleka ngati wakumbukira chinachake. Mawotchi ankayenda, iliyonse ndi mwendo wake. Anawerenga kulira kwa wotchi yaikulu ija mpaka khumi ndi kawiri, koma kutopa kwa masabata awiri sikunawafunse maganizo.

Chinawadzutsa ndi fungo. Pulasitiki inali ikupsa, ndipo pansi pa chitseko cha pabalaza panali kamzere ka kuwala kachikasu, kakunjenjemera. Mkatimo munthu ankanong'ona, mawu amodzimodzi mobwerezabwereza, mopempha.

"Pita, chonde pita. Khomo ndakutsegulira. Ndisiyire mwana wanga, ndilibe wina."

Mawuwo anawadziwa asanakankhe chitseko. Akazi awo anali atagwada patebulo, kandulo ili pambali, m'dzanja muli msomali womwe anaugwira ndi pulayala ya a Mawotchi. Pakati pa chivundikiro panali chibowo cholowa pensulo, m'mbali mwake muli bii.

Bambowo anayatsa getsi. Mayiwo sanakuwe, sanabise kanthu. Anangoika msomaliwo pansi.

"Ndinu, mayi?"

"Ndine."

"Masiku onsewa? Ine ndikukunong'onezani usiku uliwonse, inu mukundiuza kuti ndi maso anga?"

"Mukanandimvera? Inu mumamva mawotchi okha. Anandiuza apansiwa kuti kasaphedwe, kasatayidwe ndi dzanja, chifukwa kangapite naye mwana. Kayenera kuchoka kokha, pakhomo pake. Ndiye ndimangokakuzira khomo."

A Mawotchi anasendera patebulo. Anaweramira botolo, ndipo mtima unabwerera m'malo ataona kamthunzi ka miyendo isanu ndi itatu pafupi ndi khungwa. Anatsegula, n'kukakhudza pang'ono ndi kaburashi kofewa kopukutira mawotchi. Kanangogubuduka, kopanda kulemera kulikonse. Chinali chikopa chija. Anatenga supuni n'kukhuthula dothilo pang'onopang'ono panyuzipepala, akulifufuza ndi kagalasi padiso. Anapeza ulusi woyera wa mu una ndi kachidutswa ka mphutsi. Kabwana munalibe.

"Kalowera kuti?"

"Sindinayang'ane. Anati usaone kumene kakupita, ungopitiriza kupempha."

Bambowo anakwawa mpaka kucha, tochi kukamwa, kuseri kwa kabati, pansi pa mipando, m'nsapato, m'ming'alu ya khoma. Akazi awo anakhala pamkeka, manja ali pamiyendo. Chimene chinkawapweteka bambowo sichinali kangaude. Zinali zala zija zimene zinagwirizira chivundikiro katatu konse, ndi tiyi uja, ndi mawu aja akuti gonani.

Kunja kukuyera, mayiwo anati, "Mwanayo ndidzamuuza ndekha. Ndi mlandu wanga, musadandaule."

Patapita masiku atatu, Pulofesa anatulutsidwa. Adokotala anali atasintha mankhwala sabata yathayo, ndipo anali atanena kale kuti thupi liyamba kuzizira pakatha masiku asanu ndi awiri. A Mawotchi anamva zimenezo ndi makutu awo, akazi awo ali pomwepo. Koma potuluka pageti la chipatala, mwana ali patsogolo, mayiwo anawakoka malaya n'kunong'ona.

"Mwaonatu, bambo? Kachoka, mwana wadzuka."

Pamasitepe anthu anawalonjera ndi chimwemwe chimene sanachionepo, ndipo mayi wa m'chipinda chapansi uja anakumbatira akazi awo n'kuwatsinzinira diso. Mtsikanayo sanaime. Anakwera atagwira khoma, miyendo ili ngati timitengo, n'kulunjika patebulo la pabalaza chikwama asanatule.

Anayang'ana m'botolo. Anatenga chivundikiro n'kuchiloza kuwindo, ndipo kuwala kunadutsa pachibowo chija n'kumugwera patsaya. Analowetsamo chala chaching'ono, chikhadabo chonse chinalowa.

"Adadi, ndinadula mzere kawiri."

A Mawotchi anatembenukira akazi awo. Mayiwo anali ataima pakhomo la kukhitchini, ketulo ili m'manja. Bambowo anadikira. Wotchi yaikulu inagunda kasanu, kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi kawiri. Mayiwo anayang'ana mwana, anayang'ana pansi, kenako anati madzi aphwa m'ketulo, n'kulowa m'khitchini.

"Ndinakufunsani pafoni, munati tili bwino," anatero mtsikanayo, misozi ili lengelenge. "Inu mumaboola tinthu tosaoneka ndi maso. Zinatheka bwanji?"

Akanatha kunena. Mawu anali okonzeka pakamwa. Koma anaona khosi lowondalo, ndi kabandeji komwe kanali kadakali padzanja pomwe panali diripi, ndipo anadziwa kuti mwana wongotuluka kumene m'chipatala sangataye kangaude ndi mayi ake tsiku limodzi.

"Dzanja linaphonya, mwanawe," anatero.

Pulofesa anaika chivundikirocho pansi mwaulemu, anatola kachikopa kaja n'kukakulunga m'pepala la malamulo lija, n'kupita kuchipinda kwake. Sanamenyetse chitseko. Anangochitseka bwinobwino, ndipo zimenezo zinawawawa koposa.

Usiku umenewo akazi awo anagona tulo tabwino, toyamba chidwalireni mwana, akupuma mofatsa ngati khanda. A Mawotchi anali maso. Anawerenga mawotchi awo mumdima mmodzimmodzi mpaka asanu ndi anayi, ndipo kenako anamva kaphokoso kena. Sikanali ka tsii kaja. Aka kanali kofewa, ngati tsitsi likukhudza pepala, kakuyenda pang'ono n'kuima, kakuyendanso, kuchokera chakuseri kwa wotchi yaikulu, kutsata m'munsi mwa khoma, kulowera kuchipinda chawo. Kanafika pamwendo wa bedi, mbali imene ankagona mayiwo, n'kukhala chete.

Mwachizolowezi cha zaka makumi awiri, anatembenuza mutu, milomo itatseguka kale kuti anong'one kuti mayi, mwagona? Koma anaitseka. Anabwerera kuyang'ana kudenga, n'kumvetsera yekha mpaka kucha.