Chibwenzi cha pa Magazini

Loretta anakumana naye pamalo okwerera basi ku Philadelphia, chaka cha 1961. Mnyamatayo anali atasenza bokosi la buledi wa kubekale ya bambo ake, akuimba ngati msewu wonse ndi wakwawo.

"Achimwene, mukutisokosa," anatero Loretta.

"Ndiye mundiuze dzina lanu, ndisiye."

Anamuuza, koma sanasiye. Anangoliika dzinalo m'nyimbo. Basi inabwera n'kupita, awiriwo akadali pompo.

Dzina lake linali Dominic Ferrante. Chaka chisanathe, kampani ina ya malekodi inamutola, inamupesa tsitsi, n'kumupatsa dzina lakuti Nicky Farrow. Nyimbo yake yakuti "Usatseke Zenera" inalira pa wailesi iliyonse. Itabwera yachiwiri, "Lachisanu Ndi Lathu", atsikana anayamba kukomoka akamuona. Kukomokera munthu woti dzana ankanunkha yisiti!

Ukwati ndi Loretta anamanga mwakachetechete, mboni ziwiri basi. Bwana wa kampani ananena mosapsatira kuti woimba wokwatira sagulitsa malekodi, poti mtsikana aliyense wogula amafuna kulota kuti mwina n'kukhala iye. Mphete zinalowa m'kabati. Kwa anthu, Loretta anasanduka msuweni wa Nicky, woyankha makalata a omutsatira.

"Duwa langa, pirira chaka chimodzi chokha," Dominic ankatero, atamugwira masaya. "Nicky ndi wa dziko lonse, koma Dominic ndi wako wekha. Tsiku lina ndidzakutchula pa wailesi yakanema, mayi ako akuonera."

Loretta ankadikira tsiku limenelo ndi mtima wonse. Ankangofuna kutchedwa mkazi wake pagulu, basi.

Kenako kampani inapeka chibwenzi, monga ankachitira ndi oimba onse masiku amenewo. Lachisanu lililonse madzulo Nicky ankapita kukadya ndi Candy Rowe, mtsikana wovina pa wailesi yakanema, ndipo a Feldman, wojambula wa kampani, ankawatola zithunzi za m'magazini. Malaya a ulendowo ankasita ndi Loretta yemwe. Zinkamuwawa, n'kubisiranji, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

"Ameneyo? Amatafuna chingamu ngati mbuzi," Dominic ankaseka akabwerako. "Ndimangoona nkhope yako m'mbale, wapamtima."

Lachisanu lina masana, Loretta anapita kwa a Feldman kukatenga zithunzi zoika m'makalata. Mkuluyo anali wolongolola, wokonda kudandaula.

"Mwana wanga, ntchito yachepa," anatero akumanga phukusi. "Chibwenzi cha msuweni wakoyu n'chimene chinkandidyetsa."

"Chinkakudyetsani? Nanga lero simupita?"

"Ndipite kuti? Bwana anathetsa zimenezo kalekale, kusanayambe n'kutentha komwe. Akuti owerenga anatopa nazo." Anaseka, n'kutsitsa mawu. "Koma anawo sanatope. Sabata yatha ndinawaona ku kalesitilanti kena kobisika, opanda ndi kamera yomwe. Candy akuti akungodikira kuti kampani ilole ukwati. Iwe sukudziwa? Wachibale ndiye amamva pomaliza."

Loretta anathokoza. Anathokozadi, mwaulemu, n'kutuluka phukusi lili m'manja. Basi sanakwere. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, masamba ouma akuphwanyika kumapazi, mutu uli pa malaya onse amene anasita chilimwe chonse. Kodi nayenso Candy ankauzidwa kuti apirire chaka chimodzi chokha?

Anamupeza Dominic pagalasi, akupaka mafuta m'tsitsi, akuimba chapansipansi.

"Wafika, duwa langa? Ine ndiye ntchito yandigwiranso. Ndikakhala pamenepo ngati chidole, mtima uli kuno."

Loretta anaika phukusi patebulo. Mumtima ankapemphera kuti mwamunayu anene zoona, ngakhale zowawa. Akanalira, akanatukwana, koma mwina akanamukhululukira.

"Dominic," anatero modekha, "akukakujambulani ndani lero?"

"A Feldman, ngati kale. Bwanji?"

Sanaphethire n'komwe. Mawu ake anali okoma, osalala, omwe aja ankamulonjeza nawo za mayi ake ndi wailesi yakanema.

"Palibe," anayankha Loretta.

Dominic anamupsompsona pamphumi n'kutsika masitepe akuimba likhweru. Loretta anamvetsera mpaka galimoto inakhota pakona, kenako anakokera mpando pafupi ndi kabati, n'kukwerapo kuti atsitse sutikesi yake.