Timikanda Tothawa Tsache

Kanthuko anakaona koyamba m'mawa wina akusesa. Kanali pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, kowala ngati diso la nsomba. Mayi amene anthu a mumsewu umenewo ankangowatchula kuti a Telala anayesa kuti ndi mkanda umene wagwa pa diresi laukwati limene ankasoka. Anawerama kuti akatole, koma kanathawa. Atakapana ndi zala kanagawikana, tizidutswato n'kugubuduka pasimenti mpaka tinakumana pamng'alu n'kukhalanso kamodzi.

A Telala sanali munthu wamantha. Vuto lawo linali ukhondo, ukhondo wotopetsa ngakhale woonerera. Chipinda chawo chinali chimodzi, chodulidwa pakati ndi katani. Kutsogolo kunali makina osokera, tebulo, simbi ndi mashelefu a nsalu za eni ake, ndipo kuseri kunali bedi ndi sutikesi. Ankasesa ngati kuti fumbi linawatukwanapo. Ndiye kamkandako anakakankhira pa katoni, n'kukathira m'botolo limene munatha mafuta a makina, ntchito n'kupitirira.

M'mawa mwake anapeza tina, ndipo tinali tochulukirapo.

Nyumbayo inali yamdadada, denga limodzi makomo angapo. Kumanzere kunali wometa tsitsi amene ana anamupatsa dzina loti a Mpala, chifukwa kaya munthu apemphe kametedwe kanji ankatulukamo mutu uli mbee. Kumanja kunali sitolo ya mwini nyumba, a Landilodi, imene kale inkagulitsa mapiki, mafosholo ndi zisefa kwa anthu okumba golide, koma tsopano inkangokhala yokhoma.

"Aneba, taonani izi," anatero a Telala, akugwedeza botolo lija pakhomo pa wometayo.

"Mwalemeratu apa!" anaseka a Mpala. "Inu kukugwa siliva ndiye mukudandaula? Kwathu kuno kumagwa mphemvu zokhazokha."

A Mpala anathirako pang'ono pachikhatho. Kuseka kunathera pomwepo. Zinali zozizira, zolemera kuposa maonekedwe ake, zoyenda ngati madzi koma zosanyowetsa. Anabwezera m'botolo msangamsanga n'kupukuta dzanja pa thalauza.

"Madzi osanyowetsa?" ananong'ona. "Aneba, izi si zabwinobwino. Pali dzanja la munthu apa."

Masana a Telala sankamva kanthu chifukwa makina ankalira mpaka dzuwa kulowa. Koma msewu ukati zii, magetsi atazimitsidwa, denga linkayamba kulankhula. Poyamba malata ankathetheka pozizira, monga amachitira malata onse. Kenako pankamveka china: thabwa likulira pang'onopang'ono, kwii, n'kusiya, kwii, n'kusiya, ngati chinthu cholemera chikukwawa mosamala pamwamba pa siling'i. Makoswe amathamanga, koma ichi sichinkathamanga. Chinkafika pamwamba penipeni pa tebulo lodulira nsalu n'kuima. Mumdima umenewo, munthu akagwira mpweya, ankamva kupuma kwa chinthu china chimene nachonso chinkayesetsa kuti chisamveke. Pambuyo pake pankamveka timadontho tikugwa pasimenti, ti, ti, mopepuka kwambiri, ndi kaphokoso kosalala ka tinthu togubuduka kulowera kunsi kwa bedi.

A Telala ankagona chagada, maso ali tong'o, kudikira kuti kuche asese.

Nkhani yotere siigona m'nyumba imodzi. A Mpala anauza munthu mmodzi yekha, monga amanenera onse okonda kulankhula, ndipo posakhalitsa msewu wonse unali nayo. Ena ankati ndi telala mnzawo wansanje watumiza zinthuzo. Ena ankati ayi, mayiyo anakhwimira makasitomala, tsopano mankhwala akufuna malipiro ake. Panali gogo wina amene ankalumbira kuti kalekale m'chipindamo munafera munthu akulira, ndipo imeneyo ndi misozi yake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira dzina la womwalirayo, koma nkhaniyo ndi imene anthu anaikonda kwambiri.

A Telala anachita zimene akanachita munthu aliyense wofuna kudziteteza. Anatseka zenera, anatsekera zigamba m'mipata ya chitseko kuti chinthucho chisapeze polowera, ndipo anawonjezera kusesa. Timikandato tikakhudzidwa ndi tsache tinkasweka kukhala tating'onoting'ono ngati fumbi, iwo n'kumati atigonjetsa. Zinyalala ankakataya mu ngalande ya kuseri. Madzulo ankasita zovala m'chipinda chotseka chomwecho, thukuta lili kamukamu. Zimandimvetsa chisoni kunena kuti pa zonse zimene akanachita, anasankha zoipitsitsa, ndipo anazichita ndi khama.

Thupi linayamba kusintha mwakachetechete. M'kamwa munkamveka ngati ayamwa chitsulo. Akamatsuka mano, m'nkhama munkatuluka magazi. Tulo tinasowa ngakhale masiku amene denga linali chete. Mayi amene ankadziwika ndi kuseka ndi makasitomala anayamba kuchita manyazi munthu akawayang'ana, ndipo tsiku lina anakalipira mtsikana wosalakwa chifukwa chofunsa za batani. Zonsezi akanazipirira. Chimene chinawadula mtima ndi manja. Ulusi unayamba kuphonya diso la singano. Lumo linayamba kudya m'mbali mwa mzere wa choko. Akatambasula zala, zinkanjenjemera zokha ngati masamba. Analibe munda, analibe mwamuna, analibe mwana wogwira ntchito m'tauni. Manja amenewo ndiwo anali chuma chawo chonse, ndipo anachita mantha enieni, oposa a usiku.

Diresi laukwati lija linali la mwana wa nesi wina wopuma pantchito. Tsiku lodzayesa, mwanayo ali kuseri kwa katani, a Nesi anakhala pampando n'kumayang'ana a Telala akulimbana ndi phini imene inkakana kulowa pansalu. Maso awo anachoka pamanjapo n'kukafika pashelefu, pamene panali botolo lija litafika pakati.

"Mwana wanga, vala zako, tuluka," anatero a Nesi osakweza mawu. "Nanunso mayi, tiyeni panja. Chitseko musatseke, zeneranso lizikhala lotsekula."

Ali panja anawagwira a Telala padzanja. "Mukudziwa chimene mwasunga m'botolo lija?"

"Anthu akuti ndi misozi ya munthu wakufa."

"Ndi mekyule ameneyo. Mukukumbukira timachubu tagalasi timene tinkakupanitsani m'khwapa poyeza kutentha kwa thupi? Kamzere kowala kaja ndi komweko. Kuchipatala anatilanda tonse lamulo litasintha, chifukwa kamodzi kakasweka tinkatulutsa odwala m'chipinda. Inu muli ndi botolo! Mwakhala mukuchita nazo bwanji?"

"Ndimasesa."

A Nesi anatseka maso kwa kanthawi. Kenako anafotokoza modekha kuti pali ofesi ya boma yoona za mankhwala oopsa, ndipo kuyenera kukanenedwa kumeneko. Sanabise kuti akabwera adzatseka chipindacho ndi kutenga chilichonse cha nsalu.

"Nsalu za eni ake? Nanga diresili?"

"Mwana wanga savala diresi limenelo. Pepani mayi, mwalisoka bwino. Nsalu zimagulidwa kusitolo. Manja sagulitsa."

A Telala anapempha kuti awapatse nthawi yoganiza. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa linapendeka, osasoka, osasesa. Ndi pamene a Landilodi anatulukira, bambo wamtali waulemu, wa jekete lake lofiirira. Anapereka moni n'kupita pakhomo la sitolo yawo yokhoma ija. Anatulutsa kiyi. Kiyiyo inagogoda loko pamwamba, inagogoda m'mbali, inazungulira bowo osalowa. Bamboyo anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti lidekhe, koma onse awiri ankavina. A Telala anayang'ana manja amenewo, kenako anayang'ana awo ali pamiyendo.

Usiku umenewo sanagone pabedi. Anatsekula zenera monga anawauzira a Nesi, nakhala pampando pafupi ndi chitseko, mumdima. Malata anathetheka. Patapita nthawi thabwa linalira, kwii, kuchokera mbali ya kusitolo. Chinthu chija chinakwawa mpaka pamalo ake. Panamveka kulira kwa chitsekerero chachitsulo chikupotokoledwa, ndi galasi likugunda chitsulo mobwerezabwereza ngati mano a munthu wozizidwa.

"A Landilodi," anatero a Telala chapansipansi.

Kugundana kwa galasi ndi chitsulo kuja kunasiya.

"Ndikudziwa kuti ndinu. Ndaona manja anu."

Mawu anatsika kudzera m'mipata ya matabwa, onong'ona, otopa. "Mayi, chonde musakuwe."

"Sindikukuwa. Mukutani pamwamba pa mutu wanga?"

Bamboyo anafotokoza ali chigonere pamitanda. Mekyule ankagulitsa kwa okumba golide, amene amagwirira naye golide m'matope. Lamulo loletsa litabwera, ogulitsa onse anauzidwa kuti akapereke katundu wotsala. Iye anali atangogula kumene chigubu chachitsulo chodzaza, ndipo anaona ngati lamulo ndi mphepo, liomba n'kupita. Anachikweza kudenga kudzera pa kakhomo ka m'sitolo mwake, n'kuchikankhira kutali kuti oyendera akasuzumira asachione. Okumbawo sanasiye kubwera, ndipo chinthu chikaletsedwa mtengo wake umakwera. Ankawathirira m'timabotolo usiku, osayatsa tochi poopa kuti kuwala kuonekera pansi.

"Poyamba sindinkataya ngakhale dontho," anatero. "Koma masiku ano manjawa... ndi ukalamba, mayi."

"Nanga ine ndakalamba?"

Thabwa linalira pamwamba paja.

"Ulusi sukulowanso pasingano, bambo. Mwandidyera manja."

"Sindinkadziwa kuti zikufika pansi. Ndikulumbira." Anapuma movutikira. "Koma taganizani bwino. Mukakanena atseka nyumba yonse. Inu mukasokera kuti? A Mpala akametera kuti? Ine atenga chiphaso changa, mwina andimanga. Ndipatseni nthawi ndigulitse zotsalazi, zithe, tiiwale."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'zimene zinawawawa kwambiri a Telala. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anaganiza za nsalu zonse zili m'mashelefu, ndi nkhope za eni ake. Ali chiganizire, pamwamba paja galasi linagundanso chitsulo, ndipo dontho linagwa patebulo, ti, n'kugubuduka mpaka linagwera pansi.

"Ngakhale pano mukutaya," anatero a Telala. "Tsikani, bambo. Mukagone. Mawa ndikupita ku ofesi, ndipo zingakhale bwino titapitira limodzi."

A Landilodi sanapite nawo, koma sanathawenso. Anthu a boma atafika anawapeza atakhala pakhonde, jekete lili pamapewa, ndipo anawatengera kuchipatala asanawafunse za mlandu. Ogwira ntchitowo anavala zophimba kumaso ndi m'manja. Anali ndi kachipangizo kolira kakamva mpweya woipa. Kanalira pakhomo, kanalira pabedi, koma pa tsache kanalira mosalekeza mpaka anthu oonerera anabwerera m'mbuyo. Nsalu zonse, matiresi, katani ndi diresi laukwati zinalowa m'matumba akuda. Makina osokera anati awayeretsa, akatheka abweza.

Msewu unagawikana. Ena ankati mayiyo wachita bwino. Ena ankati wautsa mavu pachabe, taonani nyumba yonse aimanga chingwe. A Mpala anatulutsa mpando wawo n'kuyamba kumetera pansi pa mtengo, ndipo kwa nthawi yoyamba analibe nthabwala yonena. Gogo wa misozi ya wakufa uja anangoti boma silidziwa zonse.

Dzuwa likulowa, mayi amene ankatsogolera ogwira ntchitowo anavula chophimba kumaso n'kudzakhala pafupi ndi a Telala, pamwala wa kutsidya kwa msewu. Anali munthu wolankhula mofatsa.

"Chigubu tachitsitsa," anatero. "Tawerengera zimene bamboyo akuti anagulitsa, zimene zatsalamo, ndi zimene tatola kudenga ndi m'botolo lanu. Sizikukwana."

"Zinazo zili kuti?"

"Zina zalowa m'ming'alu, simentiyo tiikumba. Zina munasesera mu ngalande, ndipo mvula inazitengera kumtsinje. Kumeneko ndiye kuli ntchito, chifukwa zikalowa mu nsomba sizituluka."

"Ndi zokhazo?"

Mayiyo anazengereza. "Zinthu zimenezi zimasanduka mpweya, amayi. Suoneka, sununkha. Zikaswekasweka, chipinda n'kukhala chotentha, zenera lotseka..."

A Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamvetsa kumene zotsalazo zinapita. Masiku onse aja amene ankamvetsera kudenga ndi kuyang'ana pansi pa bedi, chinthucho chinali chikulowa ndi mpweya wawo womwe.

"Kodi zimatuluka?"

"Pali mankhwala. Mawa mupite kuchipatala, akudikirani. Ena manja amadekha pakapita miyezi."

"Nanga ena?"

Mayi wa boma uja anayang'ana kutsidya, kumene anzake ankamata chitseko ndi pulasitiki. Mdima unali ukugwa, ndipo nyumbayo inali chete kuposa mmene inakhalirapo. A Telala anapana manja awo pakati pa mawondo n'kufinya mwamphamvu, koma ankawamvabe mkatimo akugwedezeka okha.