Ndowa Yaikulu ya Kamkungudza

Kusukulu ankamutcha Wapolisi, chifukwa cholembera cha munthu chikasowa, iye ankayamba kusecha zikwama za anzake aphunzitsi asanatsegule n'komwe pakamwa. Tsono Lachitatu lina atafika kunyumba n'kupeza nsonga za kamkungudza kake zayamba kufiira, mtsikanayu sanavutike kufunafuna wolakwa. Anali naye kale m'mutu.

Kamtengoko kanali ka malemu mayi ake. Iwo anakadzala m'kamphika kosaya ngati mbale, n'kumakadulira nthambi ndi kukapinda ndi waya mpaka kanaoneka ngati mtengo wakalekale, chonsecho msinkhu wake sunkafika n'komwe m'maondo. Mitengo yotere amati bonsai. Zovala za mayiwo anagawana achibale, koma kamtengoka palibe anakafuna, ndiye kanatsalira Wapolisi pakhonde.

Patatha zaka ziwiri bambo ake anakwatiranso. Iwo anali dalaivala wa maulendo ataliatali, kotero nthawi zambiri m'nyumbamo munkatsala awiri, Wapolisi ndi mayi omupezawo, amene iye ankangowaitana kuti anti. Antiwo ankagwira ntchito ku nazale ya mbande. Tsiku lina akusesa pakhonde anaima pa kamtengo kaja, n'kunena kuti nthawi yakwana yoti akazule, akadule mizu.

Mawu oti kudula mizu anamulowa Wapolisi ngati minga. Anaganiza kuti mayiwa akufuna kufafaniza chilichonse cha malemu m'nyumbamo. Mawa lake anadzuka nalo ganizo lopulumutsa kamtengoko. Anakasamutsira mu ndowa yaikulu ya penti, n'kudzazamo dothi lakuda ndi manyowa, ndipo kamphika kakale kaja anakaponya kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ankathirira jagi yodzaza. Mumtima ankati kamtengoko kapuma tsopano, katambasule miyendo mmene kakufunira.

Koma m'malo monenepa, kanayamba kufiira. Wapolisi anatsegula tsamba lomaliza la kope lake la masamu, n'kulemba pamwamba kuti "Wolakwa: anti." M'munsi mwake anayamba kundandalika umboni. Lolemba anapeza ndowa yapendekeka, madzi akuda atayenderera pasimenti. Lachinayi anapeza wina waiboola pansi ndi msomali. Komanso munthu wa ku nazale angalephere bwanji kudziwa mankhwala oumitsa zomera? Kuyambira pamenepo moni wake unafupika, ndipo antiwo akayandikira khonde, iye ankawaponyera diso lakumbali.

Loweruka antiwo anamutuma kukagula sopo kugolosale. Wapolisi anavomera mwaulemu wokayikitsa, koma atangokhota pakona anabwerera monyang'ama. Zimene anaona zinamuimitsa mutu. Antiwo anali atagwada pakhonde, kamtengo kali gone pa nyuzipepala mizu ili pamtunda, m'manja mwawo muli sizasi.

"Ndakugwirani," anatero Wapolisi. "Mukufuna kupha kamtengo ka amayi anga. Akabwera adadi ndiwauza zonse, ndinalemba."

Antiwo sanadzidzimuke ngati mmene amachitira anthu ogwidwa. Anaika sizasi pansi, n'kumuuza kuti ayandikire anunkhize mizuyo. Wapolisi anakana kawiri, koma kachitatu anawerama. Fungo lake linali la m'ngalande. Mizu yambiri inali yakuda, yotereratu, ndipo atakhudza umodzi unangosupuka m'zala zake.

"Palibe mankhwala apa, mwanawe," anatero antiwo. "Awa ndi madzi. Mizu yake ndi yochepa, singamwe ndowa yonseyi. Otsalawo amangokhala pansi n'kumaiwoletsa."

Anamufotokozera kuti anapendeketsa ndowayo pofuna kukhuthula madzi, n'kuiboola kuti ena azituluka, koma dothi lakudalo linkawagwirabe ngati siponji. Kamtengo kotere, anati, kamafuna mphika wongokulirapo pang'ono kuposa mizu yake, wa mabowo pansi, ndi dothi la timiyala loti madzi azingodutsa. Kudula mizu kumene ananena tsiku lija kunali kungochepetsa nsonga zake kuti itulutse yatsopano, zomwe malemu nawonso ayenera kuti ankachita.

Wapolisi anakumbukira. Ali wamng'ono anaonapo mayi ake atayala nyuzipepala pamalo omwewo, sizasi ili m'manja. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Anafunsa chapansipansi chifukwa chimene sanamuuzire msanga.

"Ukanandimvera?" anafunsa antiwo.

Kenako antiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamphika kosaya kaja. Kanali kotsuka bwino, ndipo pamlomo pomwe panabenthuka tsiku limene anakaponya panali pomata ndi guluu. Wapolisi atakaona misozi inangoyamba yokha. Masiku onsewa iye ankalemba milandu ya munthu amene anali atatola ndi kusunga kamphika ka mayi ake.

"Kamtengoka ndi ka mayi ako," anatero antiwo pomupatsira sizasi. "Dula ndiwe, ine ndikugwirira. Yakudayo yokha, yoyerayo usaikhudze."

Anagwira ntchitoyo mitu itagundana. Anayala timiyala pansi, n'kukhazika kamtengoko, n'kukamangirira ndi waya kudzera m'mabowo kuti mphepo isakagwedeze. Dothi analilowetsa pakati pa mizu pogwiritsa ntchito kandodo kosongoka, pang'onopang'ono. Antiwo anati kakhale pamthunzi masabata angapo, popanda manyowa, ndipo sanalonjeze kuti kachira.

Patatha mwezi ndi theka, kunsonga kunatuluka timasamba tanthete tobiriwira. Koma nthambi yam'munsi, imene mayi ake anaipinda ndi manja awo, inauma ndithu ndipo sinabwererenso. Wapolisi ankaiona m'mawa uliwonse akamapisa chala m'dothi kuti amve ngati lauma asanathire madzi. Akakayikira, ankaitana antiwo kuti adzaone nawo.

Bambo ake atabwera kuulendo anafunsa chimene chinaumitsa nthambiyo. Antiwo anangoti zimachitika, n'kupitiriza kusita zovala. Wapolisi anapita kuchipinda, n'kubwera ndi kope la masamu lija litatsegulidwa patsamba lomaliza. Mawu oti anti anali atawakhwatcha, ndipo pambali pake anali atalembapo kuti "ine."