Mabenchi Aawisi a Keiran Penhall

Mabenchi odzaza tchalitchi chonse, a matabwa olimba, opala bwino, opaka vanishi, kuwatumiza mpaka pakhomo, zonsezo pa theka la mtengo. Ine ndakalambira m'malonda a mipando yakale kuno ku Broken Hill, ndipo munthu akanditchulira mtengo wotere ndimayamba ndagwira thumba langa. Koma Keiran Penhall anali wachinyamata, ndipo pamene ankaumva mtengowo anali ndi botolo m'manja.

Kwawo kunali kwabwino. Bambo ake, a Clive, anali ndi sitolo ya mipando moyang'anana ndi shedi yanga. Tebulo logula kwa iwo adzukulu ankachita kulimbirana mwini wake akamwalira. Mayi ake, a Merle, ankakonza maluwa kutchalitchi kwathu, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yakutsogolo, kumapeto kwenikweni. Mwana anali yemweyo, wobadwa iwo atakula kale.

Mpingo utasonkha ndalama za mabenchi atsopano, ntchito yogula anaipereka kwa a Clive. Bondo linali likuwavuta, ulendo wautali sakanautha. Tsiku limene ankamulangiza Keiran ine ndinali pomwepo, ndikuwathandiza kutsiriza nyama ya nkhosa yootcha.

"Tikhoza kugula kwa amalonda aakulu ku Adelaide," anatero a Clive. "Amadula, koma katundu akalakwika umabweza. Mpingo ulibe ndalama zimenezo. Ndiye upite wekha kufakitale ku Java, kutsidya kwa nyanja, ukaone ndi maso ako."

"Osangoitanitsa pafoni bwanji, bambo? Zithunzi zilipo mbwee."

"Unaona munthu atakhala pachithunzi?"

Anatulutsa kachipangizo ka mano awiri achitsulo, koyezera chinyezi m'thabwa. "Kumeneko mpweya ndi wonyowa, kuno ndi wouma gwa. Thabwa laliwisi likafika kuno limataya madzi, limapindika, limang'aluka. Aka ukalumitse paliponse. Akakukaniza kuona uvuni woumitsira matabwa, unyamuke uzipita."

"Ndipo mowa uusiye, mwanangu," anawonjezera a Merle. "Fungo lake ndakhala ndikulimva m'galimoto."

"Amayi inunso, ndine mwana ngati?"

Ndege inatera ku Bali, kumene Keiran anayenera kukwera ina yopita ku Java. Sanakwere. Zotsatirazi anandiuza yekha pambuyo pake.

Pamalo ena omwera mowa m'mbali mwa nyanja anakumana ndi Wade, munthu wa ku Perth, wofiira ndi dzuwa, wa mtundu uja umene umadziwa aliyense koma palibe akudziwa kumene umagona.

"Ku Java? Aise, ukufuna ukatsamwe ndi utuchi? Eni mafakitale onsewo ndi anzanga. Taona izi." Anamuonetsa zithunzi pafoni, n'kutchula mtengo uja.

"Matabwa ake ndi ouma?"

"Kuposa kukhosi kwakoko. Achemwali, tibweretsereni ena awiri!"

Keiran anatulutsa kachipangizo kaja. Wade anakatembenuza, n'kukoletsa dzino lake pachitsekero cha botolo. Phu! Mowa unatseguka.

"Madala ako ndi anzeru, akupatsa chotsegulira chabwino."

"Nanga ndalama zotsalazo ndikanena kuti chiyani?"

"Zotsala ziti? Mpingo ukufuna mabenchi, mabenchi upeza. Zinazo ndi malipiro a nzeru zako. Kodi madala amakupatsa zingati, iwe? Kapena umagwirira nyama ya nkhosa?"

Keiran anaseka, n'kulipira. Theka la ndalama za mpingo linapita kwa Wade. Theka linalo linathera m'mabotolo, m'mahotela ndi m'manja mwa akazi amene mayina awo sanawafunse n'komwe.

Bambo ake ankaimba foni.

"Uvuni wauona?"

"Ndauona, bambo. Waukulu ngati garaja."

"Kachipangizo kaja?"

"Kakugwira ntchito tsiku lililonse."

Apo pokha sananame.

Mabenchi anafika nyengo yozizira ikutha, ndipo anali okongola ndithu. Azimayi a kwaya ankawasisita ngati ana akhanda. Abusa anamugwira chanza Keiran pamaso pa mpingo. Potsitsa m'lole ine ndinanyamula nawo mbali imodzi, msana n'kudandaula.

"Ikulemera chonchi bwanji? Mwagulira ndi madzi omwe?"

"Kulimba kumeneko, a Dunstan," anayankha Keiran. "Inu munazolowera mipando ya akufa."

Ndinawakokera pambali a Clive kuti ayeze okha. Anati kachipangizo kaja kanatayika pabwalo la ndege, ndipo kubwereka kena sangabwereke. "Mwana wanga wayeza. Ndikayezanso ine, ndiye kuti ndamutcha wabodza."

Dzuwa la Januwale silisamala ulemu wa munthu. Litayamba kuotcha malata, mabenchi anayamba kuyankhula. Abusa ali pakati pa pemphero, kumbuyo kunamveka phaa! ngati mfuti, agogo ena mpaka kutaya buku la nyimbo. Anthu anaseka, ati ndi malata. Mmodzi yekha ndiye sanaseke.

Apa Keiran akanatha kunena zoona. Akanachita manyazi, bambo ake akanakalipa, mabenchi akanatulutsidwa panja, basi. M'malo mwake anatenga kiyi wa mayi ake Loweruka masana, nalowa m'tchalitchi ndi phula lofiirira ndi kachitini ka vanishi. Ming'alu yonse anaimata. Atafika pa benchi yakutsogolo anapeza mwendo wakumapeto ukugwedera, chifukwa thabwa linali litafota n'kusiya mpata polumikizira. Anadziwa amene amakhala pamenepo. Anapanikizamo kachikatoni, n'kupaka vanishi pamwamba.

"Wawonda, Keiran," anatero mayi ake madzulo. "Chikukudya n'chiyani? Undiuze ine, bambo ako sakumva."

"Kutentha basi, amayi."

M'mawa mwake mpingo unaimirira kuimba. Nyimbo itatha, onse anakhala pansi nthawi imodzi. Mwendo uja unasolotoka. A Merle anagwera chammbali pa simenti, chotsamira cholemeracho n'kuwagwera pamwamba. Sanakuwe. Anangoti, "Clive, mwendo wanga sindikuumva." Fupa la m'chiuno linali litaphwanyika, ndipo anawanyamula pandege kupita kuchipatala ku Adelaide.

A Clive atabwerako anakokera benchi ija m'shedi mwanga, n'kumuitana mwana wawo. Anaicheka pakati ndi sowo. M'kati munali mwakuda, mozizira, utuchi ukumamatira kuzala. Kenako anatola mwendo uja, nasolola kachikatoni ndi zikhadabo.

"Uvuni uja unati ndi waukulu bwanji?"

A Clive anamuyandikizira kachikatoni kaja kumaso.

"Ndikufunsa. Ngati garaja?"

"Sindinafikeko, bambo."

A Clive sanakweze mawu. "Za ndalama ndikanakukhululukira lero lomwe. Za ulesi, mawa. Koma ichi unaikamo ndi manja ako, ukudziwa amene amakhala pamenepo."

Foni ya Wade inali itasiya kale kulira. Fakitale yake panalibe woidziwa dzina, nanga pachithunzi pamakhala keyala? A Clive anakana zoti mpingo usonkhenso. Anagulitsa sitolo, n'kugula mabenchi ena ku Adelaide pa mtengo wathunthu, kwa amalonda omwe aja ankati amadula.

Mabenchi a Keiran ndinawagula ine ngati nkhuni, pa madola mazana awiri. Pofika nthawi imeneyo anali atauma ndithu, ndipo amayaka bwino. Wowaza ndi Keiran yemweyo. Palibe wina m'tauni muno akanamulemba ntchito, ndipo ine wantchito wotchipa sindimukana. Mowa anasiya. Anaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, kuyambira botolo mpaka chikatoni. Mayi ake anamukhululukira ali chigonere kuchipatala. Bambo ake amamupatsa moni, koma kumufunsa funso lililonse anasiya.

Inu achinyamata, mukatumidwa kukaona, kafikeni. Mukalephera, nenani msanga. Ulesi unamufikitsa kumowa, mowa unamufikitsa kukuba, koma chimene chinagwetsa munthu ndi bodza limene analimata ndi phula. Tchimo lobisa siliuma ndi vanishi, ndipo kawirikawiri limathyokera pa munthu amene amakukonda.

Mukandifunsa ngati wamalonda kuti analipira ndani, ndikuwerengerani. Wade sanalipire kalikonse, ngakhale mowa umene anamwa. Keiran analipira dzina. A Clive analipira sitolo. Koma mtengo wathunthu unagwera a Merle, amene fupa lawo silinalumikizane. Lamulungu lililonse Keiran amawakankha pa njinga ya olumala mpaka kutsogolo, pamalo awo akale. Mabenchi atsopanowo ndi olimba, ouma bwino, ndipo a Merle sanakhalepo ngakhale kamodzi.