Chikondi cha pa Fotokope

Makina a fotokope anali atatafunanso pepala masana amenewo pamene mnyamata wamtali analowa mu shopu.

Mzime anali atagwada pansi, dzanja lili m'mimba mwa makinawo, yunifomu ya sukulu ili bii ndi inki. Shopuyo inali ya achimwene ake, omwe anamulera chimwalirireni mayi awo. Tsiku lililonse akaweruka kusukulu ankabwera kudzathandiza.

"Odi kuno! Kodi makinawa ayamba kudya anthu?"

Mzime anadzutsa mutu. Anali Goloboyi, uja ankagwira pagolo m'timu ya sukulu yawo. Onse anali m'chaka chomaliza cha sekondale, koma makalasi osiyana, ndipo anali asanayankhulanepo.

"Amadya mapepala okha," anayankha. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndimafuna mapepala akale a masamu. Koma ndapeza china chokongola kuposa masamu."

"Masamu ndi okongola?"

"Waona? Ngakhale kufunsira ndikulephera ngati masamu omwewo."

Mzime anaseka mpaka kuiwala kuti dzanja likadali m'makina. Goloboyi anagwada pambali pake, nagwira chitseko cha makinawo, ndipo pepala lophwanyika lija linatuluka.

Potuluka anatembenuka. "Ndilembere nambala yako kuseri kwa pepalali. Mwina ndi nambala yokhayo imene ingakhale m'mutu mwangamu."

Analemba. Nanga akanakana bwanji?

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Mzime sinkapuma.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Ndakulota ukundiphunzitsa masamu, ndipo ndinakhoza onse!"

"Kanyenyezi kanga, lero ndagwira penate chifukwa ndimaganiza za iwe."

"Anthu aziti chani aziti, ine ndine wako mpaka imfa. Mawu amenewa uwasunge."

Anawasungadi. Ankawawerenga m'basi, pa mzere wa kumpopi wa kusukulu, ngakhale kuseri kwa buku la bayoloje. Alamu ake, akazi a achimwene aja, anayamba kumuyang'ana ndi diso la m'mbali.

"Alamu, masiku anowa mukumwetulira foni ngati muli m'busa wopempherera mayeso m'menemo."

"Ndi gulu la kalasi, alamu."

"Gulu la kalasi limachititsa munthu kuthira shuga m'ndiwo?"

Koma mayeso a moko anali pakhomo, aja oyeserera amene amabwera mayeso enieni asanafike. Sukulu yonse inali yakaliyakali. Ena ankawerengera pansi pa mitengo, ena m'makonde, ena ankangoyenda ndi mabuku kukhwapa ngati nzeru zilowera pamenepo. Mzime akatsegula buku ankaona zilembo zikuvina. Akatseka, mtima unkamutsutsa. Akakhala pansi ankafuna kuimirira, akaimirira ankafuna kukhala pansi.

Sabata imeneyo aphunzitsi a masamu anabwera ku shopu ndi fulashi yokhala ndi mafunso a mayeso m'thumba la malaya. Chaka chilichonse sukulu inkasindikizitsa mayeso a moko kwa achimwene ake a Mzime, chifukwa anali munthu wodalirika. Ntchito imeneyi ikabwera, achimwenewo ankatseka chitseko ndi kugwira okha.

"Iwe Mzime, pita ukakhale panja," anatero. "Sikuti ndikukukayikira. Ndi lamulo chabe."

Anasindikiza pepala limodzi loti aphunzitsi adzalione kaye ngati muli zolakwika, nalitsekera mu dilowa ya pansi pa kauntala.

Tsiku lotsatira Goloboyi anamudikirira pa siteji ya basi. Sanaseke ngati masiku onse. Anali atatsamira chipilala, maso ali pansi.

"Chavuta n'chiyani, wapamtima?" anafunsa Mzime.

"Bambo anga. Akuti ndikalephera masamu pa moko, andichotsa pasukulu pano. Akanditumiza kwa amalume, kutali, ndikabwereze kalasi kumeneko."

"Ndiye tiye tiziwerenga limodzi. Nthawi ikadalipo."

"Nthawi yake iti? Mutu wangawu ndi mwala, ukudziwa." Anamugwira dzanja. "Ndikapita, iwe ndizikuona liti? Ndingakhale bwanji osamva kuseka kwako?"

Mzime anafinya dzanja lakelo.

"Ndamva kuti mapepala ali kwa achimwene ako," anapitiriza motsitsa mawu. "Ndikungopempha la masamu lokha. Ungojambula pa foni, basi."

"Ayi! Achimwene angandiphe. Ndipo n'kubera kumeneko."

"Ndi moko chabe, bebi, si mayeso enieni. Palibe amene afe. Ndikulumbira, sindionetsa munthu aliyense. Zikhala za ine ndi iwe, mpaka kumanda."

"Sindingathe."

Anamusiya dzanja pang'onopang'ono. "Chabwino. Ndimayesa umandikonda."

Basi inabwera, Goloboyi sanakwere. Madzulo onse foni inali zii. M'mawa mwake, zii. Mzime ankaiyatsa, kuizimitsa, kuiyatsanso. Kodi yawonongeka? Kodi netiweki yathawa?

Kenako uthenga unalowa: "Ndayamba kulongedza katundu. Usadandaule, duwa langa, ndidzakukumbukira kulikonse ndikakhale."

Masana ake achimwene anaperekeza alamu ku sikelo, poti anali oyembekezera. Anamuponyera Mzime makiyi onse.

"Uyang'anire shopu, chemwali. Sitichedwa."

Mzime anayenda kuchoka pakhomo kufika pa kauntala, kubwereranso pakhomo. Anapukuta galasi la makina lomwe linali loyera kale. Anathira mawaya mu sitepula yodzaza kale. Kenako anagwada.

Dilowa inatseguka mosavuta. Anajambula, natumiza, koma Goloboyi anadandaula kuti tsamba lachiwiri silikuoneka. Anajambulanso, natumiza, nabweza pepala m'malo mwake.

Yankho silinachedwe: "Nthiti yanga! Mkazi ngati iwe kulibe! Tikangomaliza sukulu ndikubwera ndi amalume kwanu, ndalonjeza!"

Anayembekezera kuti mtima ukhala pansi. Sunakhale.

Tsiku la masamu linafika. M'holo munali zii, kumangomveka nsapato za oyang'anira ndi wotchi ya pakhoma. Mzime atatsegula pepala anawazindikira mafunso aja ngati anthu amene anamuona akuba. Thukuta linatsika m'khosi. Woyang'anira akadutsa pafupi, iye ankayesa kuti akubwera kudzamugwira paphewa.

Masamu ankawatha bwino. Koma tsiku limenelo ankalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, mpaka pepala linabooka. Belu linalira asanafike pa mafunso omaliza.

Kunja anamuona Goloboyi ali pakati pa anzake, akuseka mokweza. Mnyamatayo anamukwezera chala chachikulu ali patali, osabwera pafupi.

Masabata odikira zotsatira anali aatali ngati chilimwe. Mauthenga aja anayamba kufupika.

"Ndili bize, bebi."

"Tili ku mpira."

"Mawa."

Mawa lake liti? Mzime akamuimbira, foni inkangoitana. Akamudikira pa siteji, anzake ankati wadutsa njira ina. Kunyumba, achimwene akangomuitana, mtima unkagunda ngati ng'oma.

"Iwe, wadwala?" anamufunsa tsiku lina. "Wawonda ngati ndiwe ukuchonga mayesowo."

"Ndi mantha a zotsatira, achimwene."

"Usaope. Iwe ndiye mutu wa banja lino. Ine ndinathera panjira kuti iwe ufike."

Mawu amenewo anamubaya kuposa mbama.

Zotsatira zinatuluka Lachisanu m'mawa. Mphunzitsi aliyense ankalowa ndi mulu wa mapepala, kuitana mmodzimmodzi. Chingerezi Mzime anakhoza, bayoloje anakhoza. Aphunzitsi a masamu anamupatsa pepala lake osamuyang'ana kumaso. Anali atangodutsa pang'ono pa mzere wolephera, iye amene sankatsika pa atatu oyambirira!

Pa buleki nkhani inali ponseponse.

"Mwamva? Goloboyi waphulitsa masamu! Nambala wani!"

"Wachiwiri ndi Chiphadzuwa!"

"Chiphadzuwa uti? Yemwe uja amawerengera zala?"

Chiphadzuwa anali mtsikana wa m'kalasi la Goloboyi, wa khungu losalala, yemwe ankabwera kusukulu pa galimoto ya bambo ake. Chiyambire sanakhozepo masamu.

Mzime anaima chilili. Chiphadzuwa? Zatheka bwanji? Si uja analumbira kuti saonetsa munthu aliyense?

Asanamalize kuganiza, pulifeketi anamukodola. "Akukufuna ku ofesi ya ahedi. Pompano."

Analowa. Ahedi, mayi wa magalasi, anali kuseri kwa tebulo. Aphunzitsi a masamu anaima pawindo. Goloboyi ndi Chiphadzuwa anali chiimire kukhoma. Ndipo pa mpando wa alendo panali achimwene ake, chipewa chili pa bondo, zala zili ndi inki.

Aphunzitsi a masamu anayala mapepala awiri patebulo.

"Pepala loyamba limene anasindikiza bambowa linali ndi cholakwika pa funso lachisanu ndi chiwiri," anatero. "Ndinasintha manambala tisanasindikize onse. Koma awiriwa ayankha ndi manambala akale aja, amene sanali pa pepala la m'holo. Anawaona kuti?"

Ahedi anavula magalasi. "Iwe mnyamata, ndakufunsa kale. Bwereza zimene wanena, mwini wake ali pano."

Goloboyi sanayang'ane kumene kunali Mzime.

"Madamu, ine sindinapemphe. Mtsikanayu ndi amene ananditumizira yekha. Wakhala akundilondalonda kuyambira kale, ine ndimangomumvera chisoni. Amafuna andikope ndi pepalalo."

"Si chibwenzi chako?"

"Ayi, madamu! Chibwenzi changa ndi uyu." Analoza Chiphadzuwa. "Sukulu yonse ikudziwa."

Mzime anamva ngati pansi patsekuka.

"Mwana iwe," anatero ahedi, "uli ndi chonena?"

Mzime anatulutsa foni, naiika patebulo. Ahedi anawerenga mwakachetechete, chala chikutsika pang'onopang'ono. Kenako anawerenga mokweza, ndi mawu ouma ngati akulengeza za kusesa pabwalo.

"'Ndikungodalira iwe, duwa langa. Jambula bwino, tsamba lachiwiri silikuoneka.' Amene amalondalonda mnzake ndi ndani apa?"

Chiphadzuwa anatembenukira Goloboyi, maso ali psu.

"Si unandiuza kuti ndi msuweni wako? Si unkati ukamamulembera umafunsa za azakhali odwala?" Anatembenukira kwa ahedi, misozi ikutsika. "Madamu, za bambo ake zoti amutumiza kutali n'zabodza. Ndine amene kunyumba anandiuza kuti ndikalephera andisamutsa sukulu. Iye anati andipezera njira."

Ndiye kuti mantha onse aja, kulongedza katundu kuja, zinali za mtsikana wina! Mzime anaba kwa achimwene ake kuti Chiphadzuwa asachoke pafupi ndi Goloboyi!

Ahedi anagamula. Onse atatu zotsatira za masamu zafufutidwa, akakhale kunyumba mpaka adzaitanidwe pamodzi ndi makolo. Za mayeso enieni, komiti ikaona. Kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Bambo, takhala nanu zaka zambiri. Koma mukumvetsa kuti ntchito ya sukulu sitingakupatseninso."

Achimwene anaimirira, chipewa chili m'manja. "Ndamva, madamu. Ndikupepesa m'malo mwa nyumba yanga."

Sanakalipe. Pa msewu wonse ankangoyenda patsogolo, ndipo Mzime ankatsatira m'mbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Bola akanamumenya! Bola akanamutukwana pamaso pa anthu!

"Achimwene," anayamba, "ndikhululukireni."

Achimwene anaima, osatembenuka.

"Ukanandiuza kuti pali mnyamata, ndikanakwiya tsiku limodzi n'kuiwala. Koma unadikira ndipite ndi alamu ako kuchipatala." Anapuma mozama. "Lolemba ndikagwada ku komiti kuti akulole kulemba mayeso enieni. Osati chifukwa ndakhululuka. Chifukwa mayi kulibe oti akagwade m'malo mwako."

Mzime analira pamsewu pomwepo, osasamala anthu odutsa.

Ali mkati molira, foni inanjenjemera m'thumba.

"Bebi, usakwiye. Ndimangofuna kudzipulumutsa, sindimadziwa chimene ndikunena. Uja wandisiya. Iwe ndiye weniweni. Tikumane tikambirane, chonde, mtima wanga."

Ndipo chimene chinamuwawa kuposa zonse za tsiku limenelo n'chakuti, ataona uthengawo, mtima wake wopusawo unadumphabe ndi chimwemwe.

Achimwene anamuyang'ana. "Ndi iyeyo?"

Mzime anavomera ndi mutu.

"Ndiye ukuti bwanji?"

Mzime anawerenganso uthengawo mpaka zilembo zinasungunuka m'misozi. Kenako anazimitsa foni, nawapatsa ndi manja awiri.

"Ndisungireni, achimwene. Ngakhale ndilire bwanji, musandipatse. Ine ndekha sindikudzikhulupirira."