Chogogodera cha Nyumba ya ku Isla

Nkhaniyi si yopeka. Marthese Zahra anandiuza ndi pakamwa pake, masana dzuwa likuswa mtengo, tili m'basi. Leli Cutajar, amene anawotcherera zitsulo padoko zaka makumi atatu, anaona mbali yake ali pakhonde. Onse awiri ali moyo. Mukhoza kukawafunsa.

Marthese anafika ku Isla, katauni ka padoko pachilumba chakwawo, kutada. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, chikwama chimodzi, ndi kiyi wamkulu wachitsulo. Misewu ya kumeneko ndi makwerero okhaokha. Anapuma kawiri asanapeze chitseko.

Nyumba imene ankachita lendi ku Ħamrun inali yoti igwetsedwe mwezi ukatha. Kopita kunali kuwiri. Ku Mosta apongozi ake anali atasesa kale zipinda zapansi pa nyumba yawo. Ku Isla kunali nyumba imene azakhali ake, a Karmena, anamusiyira pomwalira, imene iye analowamo kamodzi kokha ali kamwana. Mwamuna wake Wistin ankafuna Mosta. Marthese ankafuna kulikonse kumene apongozi sangamavundukule mphika wake.

"Kagonemo wekha usiku umodzi," Wistin anali atanena m'mawa, akuseka. "Ukadzuka ukuifunabe, ndisenza katundu. Ukathawa, ndiye kwa amayi."

"Konzekeratu msana," anamuyankha.

M'nyumbamo munkanunkha chinyontho ndi sera wamakandulo. Magetsi anayaka. Mipando inali yofunditsidwa nsalu. Palibe chinamuopsa. Chimene sichinamusangalatse chinali chitseko chakumsewu. Zitseko zonse za mumsewuwo zinali ndi zogogodera zamkuwa zonyezimira. Chake chinali ndi timabowo tiwiri basi. Aliyense pachilumbachi amadziwa kuti chogogodera chimachotsedwa m'nyumba mukagwa maliro. Wistin akanabwera mawa n'kuona choncho, akanapeza chonena.

Anachipeza m'kabati ya pansi pa makwerero, chitakulungidwa m'nsalu yakuda. Nsomba yamkuwa, yolemera, yozizira. Misomali yake inali momwemo. Anachipukuta ndi mpango, n'kuchimanga pachitseko ndi nsonga ya mpeni.

"Ndiwe wa kwa Karmena, eti?" Mawuwo anachokera pamwamba, tsidya la msewu. Bambo wachikulire anali atatsamira pakhonde lamatabwa, ndudu pakamwa. "Mphuno ndi yomweyo. Pepa."

"Inuyo ndi ndani, woyang'anira mphuno za mumsewu muno?"

"Leli. Ndimayang'anira zonse." Anaseka. Kenako anaona chimene chinali pachitseko. Kuseka kunatha. "Mwana wanga, chotsa icho."

"Azakhali tinawaika chaka chatha, a Leli. Maliro anatha."

"Maliro a Karmena anatha. Nanga a Indri?"

Indri anali mwamuna wa azakhaliwo. Ankawolotsa anthu padoko ndi bwato. Anamira Marthese asanabadwe.

"Zaka makumi anayi zapitazo, bambo."

"Bwato linapezeka. Iye ayi. Chogogodera chimabwerera pachitseko munthu akaikidwa m'manda. Amene uja sanaikidwe." Leli anazimitsa ndudu. "Karmena anachibwezeretsapo kamodzi, patatha chaka. Usiku umodzi wokha. Kutacha anachimasula ndi zikhadabo."

"Wakutumani ndi Wistin?"

"Sindikumudziwa."

"Mugone bwino, a Leli."

Anatseka. Anakoka mpiringidzo wachitsulo mpaka unalira. Anadya buledi wopaka tomato ndi mafuta, ali chiimire. Kuchipinda cham'mwamba sanakwere, msana unali utakana. Anagona pasofa m'kachipinda koyandikana ndi khomo, chitseko chake chili chotsekula pang'ono.

Kunja kunali phokoso la masiku onse. Injini ya sitima padoko. Wailesi ya wina. Amphaka pamakwerero. Belu la tchalitchi linkalira mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, ndipo iye ankawerenga. Linalira teni koloko. Leveni. Tulo tinamuba.

Anadzidzimuka osadziwa chamudzutsa. Injini inali itasiya. Amphaka zii. Anadikira belu. Silinalire.

Fungo linafika poyamba. Ndere zam'nyanja zowola, ndi chingwe chonyowa.

Go.

Mkuwa pa mkuwa. Kamodzi.

Anagwira mimba. Anadziuza kuti ndi anyamata oledzera. Koma pamakwerero a kunjako munthu sangakwere osamveka, ndipo iye sanamve phazi.

Go. Go.

Kagogodedwe kake sikanali ka mlendo. Kanali ka munthu wotopa amene wafika kwawo.

Foni inali m'chikwama, chikwamacho chili pampando wa pakhomo penipeni. Anayang'ana pampata wa chitseko. Kuwala kwa nyali yamumsewu kunkalowa pansi pa khomo. Pakati pa kuwalako panali mthunzi. Madzi ankalowa pang'onopang'ono, akutsata mizere ya matailosi.

Sanatsekule. Anatsimikiza mumtima kuti satsekula, ngakhale kugogodako kufike m'mawa. Mpiringidzo unali wolimba. Anayamba pemphero la Maria, milomo yokha.

Ndiye bedi linalira m'mwamba.

M'mwamba munalibe munthu.

Khwe. Khwe. Masilipasi pamwala. Wina ankatsika, akuponda mwendo umodzi mosamala, ngati wodwala bondo. Sitepe imodzi. Kupuma. Ina. Fungo la mankhwala opaka mafupa linadutsa pampata paja. Marthese sanaone thupi. Anangoona nsalu ya pampando ikugwedezeka ngati wina waikhudza podutsa.

Mpiringidzo unalira.

Chitseko chinatseguka. Mphepo yozizira inalowa.

"Mwachedwa," anatero mawu a mayi wokalamba, motsitsa.

"Panalibe pogogoda."

Mawu achiwiriwo anali ngati a munthu amene ali ndi madzi m'kamwa.

Chitseko chinatsekedwa. Mapazi anali anayi tsopano. Awiri okhwekhwereza, awiri onyowa. Anayenda pang'ono. Anaima pa kachipinda kake.

Mwana m'mimba anagunda kamodzi, mwamphamvu. Kenako anangoti zii.

"Uyu ndani?" anafunsa mawu onyowa aja.

"Wa kwathu. Akhala nafe."

"Ndi kamwanako?"

"Ndi kamwanako. Si munkafuna mwana m'nyumba muno?"

Dontho linagwa patsaya la Marthese. Linatsikira pamlomo. Linali lamchere.

Anatseka maso. Sakudziwa kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Anamva mapazi akukwera, onse anayi. Bedi linalira kawiri. Patapita nthawi belu linalira folo koloko, ngati palibe chachitika. Iye ankangosisita mimba, akunong'ona, "Gwedezeka, iwe. Gwedezeka."

Mwanayo anagwedezeka kunja kukuyera.

Anadzuka. Matailosi anali onyowa kuchokera pakhomo mpaka pamakwerero. Mpiringidzo unali wosakoka. Anatola chikwama, nsapato m'manja, natuluka.

Leli anali pamsewu atavala jekete, nkhope yotuwa. Sanagone.

"Ndinaona chitseko chikutseguka," anatero. "Panalibe munthu kunja. Panalibe munthu m'kati. Ndinafuna kutsika, koma ndinaopa. Undikhululukire."

"Muchichotse, a Leli."

"Ndichichotsa. Koma chagwira kale ntchito yake."

Marthese anamupatsa kiyi. Anatsika makwerero atagwira khoma. Pakona anaimbira Wistin.

"Ndiye bwanji, adona a ku Isla? Ndibwere ndi lole?"

"Uwauze amayi ako aike ketulo pamoto."

"Ha, wathawa makoswe?"

"Wistin."

Wistin anasiya kuseka. "Uli kuti? Ndikubwera."

"Usabwere kuno. Ndikwera basi yoyamba."

Asanakhote anacheuka kamodzi. Mazenera am'mwamba anali otsekula. Pachingwe cha pakhonde panali juzi yachimuna, yakale, ikudontha madzi mumsewu.

Mwanayo anabadwira ku Mosta, kutali ndi doko, ndipo ndi wamoyo. Apongozi amavundukula mphika tsiku lililonse, ndipo Marthese sanenapo kanthu. Nyumba ya ku Isla sanaigulitse. Akuti sangapatse munthu wina.

Leli anamasula chogogodera m'mawa womwewo, n'kukachiponya padoko. Ndinamufunsa ngati amamvabe kanthu usiku. Anati ayi, kugogoda kulibe. Chimene amamva ndi mipando ikukokedwa m'chipinda cham'mwamba, ngati anthu amene akukonza malo a mlendo.