Kachilombo Kobisala Kuseri kwa Udzu

Kamphepo ankafuna kujambula kachilombo. Aphunzitsi anali atanena kuti, "Mawa aliyense abwere ndi chithunzi. Maso a kachilomboko aoneke."

Koma kope la Kamphepo linalibe kanthu.

Anathamangira kudambo, kuseri kwa nyumba yawo. Udzu unali wautali. Pansi panali matope. Pa udzupo panali tizilombo tobiriwira, tating'ono ngati njere za mpunga. Timeneti timayamwa madzi a mu udzu. Ukatiyandikira, timadumpha.

Kamphepo atayandikira, tizilombo tonse tinadumpha. Kamodzi kokha kanatsala.

Kamphepo anasuzumira kumanja. Kachilombo kanayenda cham'mbali. Kanabisala kuseri kwa udzu.

Anasuzumira kumanzere. Kanabisalanso.

Anazungulira. Nako kanazungulira. Anazunguliranso. Nako kanazunguliranso. Mwano wake kachilombo kameneka!

Nsapato imodzi inatsala m'matope. Dzuwa linapendeka. Kamphepo anafuna kulira.

"Iwe, ukuvina ndi ndani kumeneko?" Anali bambo ake. Ankachokera kuntchito yokonza njinga. Manja awo anali bii ndi girisi.

"Sindikuvina, bambo. Kakundibisira maso."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu."

"Aka si nkhono ayi! Kali ndi miyendo!"

Bambo anaseka. Anapinda thalauza, nalowa m'matope.

"Iwe khala uko," anatero. "Ine ndikhala kuno."

Bambo anagwedeza dzanja kuseri kwa udzu. Kachilombo kanaona chidzanja chakudacho. Kanayenda cham'mbali msangamsanga. Kanatulukira kwa Kamphepo!

"Maso! Bambo, maso! Ndi ofiira!"

Kamphepo anajambula diso limodzi. Anajambula linalo. Anajambula mapiko. Pensulo inkathamanga.

Kenako kachilombo kanadumpha.

"Mayo ine! Miyendo sindinajambule!"

Anafuna pa udzu. Palibe. Anafuna pa kope. Palibe. Anayang'ana bambo ake. Kachilombo kali neng'a pamphuno pawo!

"Bambo, musayetsemule."

"Kakundigirigisha," bambo ananong'ona.

"Musalankhulenso."

Bambo anaima phee m'matope. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Kamphepo anawerenga miyendo. Inali isanu ndi umodzi. Anaijambula yonse.

"Ndamaliza!"

Bambo anayetsemula mwamphamvu. Tizilombo tonse ta m'dambo tinadumpha.

Kunyumba amayi anayang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali.

"Chakongola, mwanangu. Nanga phiri kakhalapoli ndi la kuti?"

"Si phiri, amayi," anatero Kamphepo. "Ndi mphuno ya bambo."